Dziko lamphamvu likamanenedwa ndi akunja, lizitchera khutu kapena ayi?

Mu Ogasiti 2025 boma la America linalengeza kuti Mmalawi kapena munthu wa ku Zambia wofuna viza yokacheza kapena yokachita malonda azipereka kaye chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, zomwe amabwezeredwa akatuluka m'dzikomo masiku ake asanathe. Pa dziko lonse lapansi, mayiko awiriwa ndiwo anayamba kulembedwa pa mndandandawo. Izi zinabwera chaka chomwe Donald Trump, tsiku lomwe analumbira pa 20 Januwale, anasaina lamulo loimika thandizo lopita kunja kwa masiku 90, ndipo pofika pa 1 Julayi bungwe la USAID, lija tinkaliwerenga pa matumba a chakudya, pa zikwangwani za sukulu ndi pa magalimoto a zaumoyo, linali litatsekedwa.

Kuno ku Mangochi nkhanizi zakambidwa pa siteji ya akabaza, pa bawo ndi pa khonde la mzikiti anthu akatuluka ku swala. Wina akapsa mtima n'kunena kuti America yadziipitsira mbiri, sipalephera kupezeka madala ena oseka chamumtima n'kuyankha kuti, "Achimwene, inu mukadandaula pano pa Mpondasi, ndiye kuti ku Washington asowa nazo tulo?"

Funso la madalawo si nthabwala chabe. Dziko lomwe lili ndi asilikali ochuluka, zida za nyukiliya ndi ndalama yomwe aliyense amaifuna, lili ndi chifukwa chanji chomvera anthu omwe sangalimenye, sangalivotere ndipo sangalikokere ku khoti? Mmene ndikuonera ine, dziko lotere likhoza kukhala zaka zambiri lisakukondedwa popanda kumva kuwawa kulikonse. Chomwe silingathe ndi kuchita zinthu zikuluzikulu lokha. Tsiku lomwe lafuna kubwereka ndalama, njira, doko kapena voti ya mnzake, m'pamene zonena za akunja zimasanduka mtengo woti lilipire.

Omwe amati lisasamale ali ndi mfundo zolemera kuposa momwe ife odandaulafe timavomerezera. Mtsogoleri amaikidwa pa mpando ndi anthu a kwawo. Mlimi wa chimanga wa ku Iowa amakhoma msonkho ku America ndipo amavota kumeneko. Msodzi wa ku Makanjira sachita chilichonse mwa ziwirizi. Pulezidenti akasiya zofuna za womuvotera n'kumasangalatsa alendo, kwawo amuona ngati wogulitsa dziko, ndipo nafenso tikanatero atakhala wathu. Palinso zoti mutu ukakula sulewa nkhonya. Dziko lalikulu likalowerera nkhondo ya ena, amati likufuna mafuta. Likapinda manja, monga inachitira America mu 1994 pomwe anthu pafupifupi 800,000 ankaphedwa ku Rwanda m'masiku 100, amati ndi louma mtima. Ndipo akunjawo si munthu mmodzi wa pakamwa pamodzi. Chosangalatsa Poland chimakwiyitsa Russia, ndipo chomwe chaomberedwa m'manja ku Tel Aviv chimawawitsa mtima anthu ambiri m'mizikiti ya kuno. Wofuna kukondweretsa onsewa sangasunthe phazi.

Mfundo yovuta kuiyankha kuposa zonsezi ndi yakuti gulu nalonso limalakwa. Mu 1975 atsogoleri a mu Africa anakumana ku Kampala n'kupereka udindo wa wapampando wa bungwe lawo la OAU kwa Idi Amin wa ku Uganda, pomwe zinali zodziwika kale kuti mitembo ya anthu ake ikutayidwa mu Nile. Julius Nyerere wa ku Tanzania anakana kupitako. Amin atalanda dera la Kagera ku Tanzania mu 1978, asilikali a Tanzania anamupirikitsa mpaka kulowa mu Kampala mu Epulo 1979, ndipo pa msonkhano wa OAU wa ku Monrovia chaka chomwecho wodzudzulidwa anali Nyerere, ati waphwanya malire a dziko la eni. Vietnam itachotsa Pol Pot ku Cambodia mu Januwale 1979 inakolola chidzudzulo chokhachokha, a Khmer Rouge, gulu la Pol Pot, n'kupitiriza kukhala pa mpando wa dzikolo ku United Nations. Nyerere akanamvera anzake, anthu a ku Uganda akanalirabe.

Ngakhale malamulo oyendetsera dziko lapansi anawalemba mokomera amphamvu. Ku msonkhano waukulu wa United Nations mayiko onse 193 ali ndi voti imodziimodzi, Malawi chimodzimodzi ndi China, koma zomwe amagwirizana kumeneko sizikakamiza aliyense. Ziganizo zokhala ndi mano zimachokera ku khonsolo ya chitetezo, komwe America, Britain, France, Russia ndi China aliyense payekha akhoza kukana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ife a dziko laling'ono funsoli sitifunsidwa n'komwe. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, mayiko otithandiza anakumana ku Paris mu Meyi n'kuimika thandizo lonse kupatula lopulumutsa anthu pa njala ndi mavuto ena. Pofika mu Okutobala, Kamuzu Banda, yemwe chipani chake chinkati matipate ndi nkhondo, anali atalengeza riferendamu, yomwe inachitika pa 14 Juni 1993. Mu Epulo 2011 Bingu wa Mutharika anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yachinsinsi yomwe inaululika, ndipo Britain inaimika ndalama zothandizira bajeti. Kusowa kwa ndalama zakunja chaka chimenecho kunali ndi zifukwa zinanso, monga kugwa kwa mitengo ya fodya, koma aliyense amene anagona pa mzere wa mafuta chigubu chili m'manja akudziwa kuti mkwiyo wa akunja umafika mpaka mu thanki ya njinga yamoto. Kwa ife zotsatira zimafika m'miyezi yochepa. Kwa amphamvu zimachedwa, ndipo zimafika pokhapokha pali polowera.

Sabata imodzi ya mu Novembala 1956 imaonetsa bwino polowerapo. Mu Julayi chaka chimenecho Gamal Abdel Nasser wa ku Egypt analanda ngalande ya Suez m'manja mwa kampani ya anthu a ku Britain ndi France. Mayiko awiriwa anapangana mobisa ndi Israel: Israel iyambe kuukira, zomwe inachita pa 29 Okutobala, kenako iwo alowe ponamizira kuleretsa. Pa mfuti zinkawayendera, ndipo pa 5 Novembala asilikali awo anatera ku Port Said. Dzulo lake, pa 4 Novembala, akasinja a Soviet Union anali atalowa mu Budapest kukaphwanya anthu a ku Hungary omwe anaukira ulamuliro wa chikomyunizimu. Dziko lapansi linadzudzula mbali zonse ziwiri, ku United Nations ndi m'misewu momwe.

Britain inavomera kuleka kumenyana pasanathe masiku awiri. Soviet Union sinasunthe. Anthu pafupifupi 200,000 anathawa mu Hungary, ndipo mtsogoleri wawo Imre Nagy ananyongedwa mu 1958. Chidzudzulo chinali chofanana, koma odzudzulidwawo ndiwo anali osiyana. Britain inkadalira mafuta odutsa pa Suez pomwepo, ndipo Nasser anali atamiza zombo kutseka njirayo. Paundi inayamba kugwa poti anthu ankaigulitsa mothamanga, ndipo boma litapita kukapempha ngongole ku IMF linapeza Pulezidenti Dwight Eisenhower wa ku America atatseka chitseko, ati asilikali achoke kaye. Nduna yaikulu Anthony Eden anatula pansi udindo mu Januwale 1957. Soviet Union inali ndi mafuta akeake, sinkabwereka ku IMF, ndipo nyuzipepala zake zinkalemba zomwe boma lanena. Inataya ndithu anthu zikwizikwi a ku Britain, France ndi Italy omwe anabweza makhadi a zipani za chikomyunizimu, koma kupitirira apo mkwiyo wa akunja unasowa khomo.

Ku gombe izi si zachilendo. Mwini zilimira zingapo, maboti ndi mainjini akhoza kunyoza aliyense pa doko, kubera alovi pogawana ndalama za usipa, kuponya makoka nthawi yoletsedwa a komiti ya pagombe akuyang'ana, ndipo palibe angamukhudze. Kutukwanidwa kumbali sikumuchotsera ndowa ndi imodzi yomwe. Koma chilimira sichikokedwa ndi munthu mmodzi. Siginala wodziwa kuitana usipa ndi nyali amasamukira kwa bwana wina, alovi otsala amafuna zambiri kuti akwere boti lake, ndipo usiku womwe injini yazima pakati pa nyanja mwera ukuwomba, wolandira foni yake amayamba waganiza kaye za mafuta ake. Palibe wamumenya, koma chilichonse chamukwerera mtengo.

South Africa ya tsankho inali bwana wotere m'chigawo chathu chino. Asilikali ake ankalowa mu Maputo, Gaborone, Harare ndi Lusaka akafuna. Kwa zaka zambiri chidzudzulo chinkaoneka chopanda pake: inatuluka mu Commonwealth mu 1961, inaletsedwa ku masewero a Olympics kuyambira 1964, United Nations inaletsa kuigulitsa zida mu 1977, koma golide ankagulidwabe. Khomo linatseguka mu 1985. Ngongole zambiri za dzikolo zinali za nthawi yochepa, zomwe mabanki akunja ankangoziwonjezera masiku zikafika pobweza. Kumapeto kwa Julayi banki ya Chase Manhattan ya ku New York inaleka kutero. Sikuti inagwidwa chifundo ayi. Inaona kuti dzikolo likuyaka moto, ndipo phindu lake silikufanana ndi phokoso la ophunzira, mipingo ndi makasitomala omwe ankaikakamiza kwawo. Pulezidenti wa South Africa P.W. Botha atalankhula ku Durban pa 15 Ogasiti n'kuchenjeza dziko lapansi kuti lisamukankhe, mabanki ena anatsatira, randi inagwa, ndipo kumayambiriro kwa Seputembala boma linalengeza kuti layamba laimika kubweza ngongole zina. Chaka chotsatira nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa zilango za zachuma, Ronald Reagan atakana kusaina, aphungu n'kumugonjetsa ndi mavoti. Tsankho linagwetsedwa ndi eni dziko omwe anafera m'misewu ndi m'ndende, koma zionetsero za ku London ndi New York zinachititsa kuti kulisunga kudule kuposa kulisiya.

Nthawi zina chomwe wamphamvu akufuna ndi podutsa. America pokonzekera kuukira Iraq mu 2003 inafuna kudutsitsa asilikali pafupifupi 62,000 mu Turkey kuti akalowere chakumpoto. Boma la Turkey linali litavomera, lonjezo la madola mabiliyoni angapo lili pa tebulo, koma anthu wamba ankadana nayo kwambiri nkhondoyo, moti pa 1 Malichi aphungu sanapereke mavoti okwanira. Zombo zonyamula zida zomwe zinkadikira pa nyanja ya Mediterranean zinakhota n'kuzungulira mpaka ku Kuwait. Ku khonsolo ya chitetezo nako, Angola, Cameroon ndi Guinea, omwe anali ndi mipando ya kanthawi, anachezeredwa ndi kuimbiridwa mafoni usana ndi usiku, koma mavoti sanakwane ndipo chiganizo chololeza nkhondo chinachotsedwa chisanavoteredwe. America inapitabe pa 20 Malichi. Apa madala a pa Mpondasi aja akhoza kunena kuti mwaonatu, anachita zomwe amafuna, ndipo n'zoona. Koma tiyeni tiwerenge ndalama. Pa nkhondo ya 1991 yochotsa Iraq mu Kuwait, yomwe United Nations inaloleza, mbali yaikulu ya ndalama analipira ndi Saudi Arabia, Kuwait, Japan ndi Germany. Ya 2003 America inasenza pafupifupi yokha. Zida zoopsa zomwe ankati Saddam Hussein wabisa sizinapezeke, ndipo patatha zaka khumi, mu Ogasiti 2013, Barack Obama atafuna kulanga boma la Syria chifukwa chopha anthu ndi mpweya wapoizoni, aphungu a ku Britain, bwenzi la ponda apa m'pondepo, anakana ndi mavoti 285 kwa 272, ambiri akutchula Iraq. Ulendo umenewo umboni unali wolimba kuposa wa 2003, koma wonenayo anthu anali atasiya kumukhulupirira.

Nkhani ya Iraq ili ndi mbali ina yomwe sikambidwa mokwanira, yoti odzudzulawo ankanena zoona. France, Germany ndi Nelson Mandela anachenjeza, ndipo Hans Blix, mkulu wa ofufuza zida, ankapempha nthawi yowonjezera. Dziko lamphamvu limazunguliridwa ndi anthu odya nalo, ndipo mkati mwake nkhondo ikayandikira wotsutsa amatchedwa wamantha. Akunja kawirikawiri ndi okhawo otsala oti angaliuze kuti likulowera kuphompho. Ndiye tingasiyanitse bwanji chidzudzulo cha kwa Nyerere ndi cha kwa George W. Bush, pulezidenti wa America pa nthawi ya nkhondoyo? Ine ndimayang'ana wonenayo ndi chomwe akuteteza. Ambiri mwa omwe ankaumirira za malire ku Monrovia anali ndi mipando yawo yoti aiteteze, poopa kuti mawa woyandikana nawo adzawachita zomwezo. Omwe ankaletsa Bush anali abwenzi omwe anaima ndi America itaukiridwa pa 11 Seputembala 2001, ena mpaka kutumiza asilikali ku Afghanistan. Mdani akakunena ukhoza kugwedeza phewa. Akayamba kukunena amene dzulo anakuthandiza kunyamula maliro, khala pansi umve.

Khomo lina ndi nzika za dziko lamphamvulo, ndipo ili ndi lomwe linatithandiza ife. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza emajensi mu Nyasaland, ati a Congress akonza chiwembu chopha azungu. Anthu oposa 50 anaphedwa, 20 mwa iwo pa doko la Nkhata Bay, ndipo oposa 1,000 anatsekeredwa, kuphatikizapo Kamuzu ndi Masauko Chipembere, yemwe kwawo kunali ku Malindi konkuno. Pa mphamvu, Britain inali itapambana kale. Koma mwezi womwewo akaidi 11 anamenyedwa mpaka kufa ku ndende ya Hola ku Kenya, ndipo mu Julayi woweruza Patrick Devlin, yemwe boma la Britain lomwelo linamutuma kudzafufuza, analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndipo dongosolo la chiwembu lomwe boma linkanena sanalipeze. Boma linakana zambiri za lipotilo, koma mawu anali atatuluka kale. Mpingo wa Church of Scotland, womwe amishoni ake anali ku Blantyre ndi Livingstonia, aphungu a chipani cha Labour ndi nyuzipepala anainyamula nkhaniyo, moti kulira kwa anthu a kuno kunafika ku London kudzera pakamwa pa ovota a komweko. Kamuzu anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, ndipo Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. N'chifukwa chake dziko lomwe nyuzipepala zake zili pa ufulu limamva msanga kuposa lomwe linatseka pakamwa anthu ake.

Chomwe chimatsegula makutu a amphamvu mofulumira kuposa zonse ndi mpikisano. Mu Okutobala 1957 Komla Gbedemah, yemwe anali nduna ya zachuma ya Ghana, anaima pa malo odyera m'mbali mwa msewu ku Delaware, ku America, n'kuitanitsa juwisi wa malalanje. Anamuuza kuti munthu wakuda saloledwa kumwera mkatimo. Nkhaniyo itatuluka m'nyuzipepala, Eisenhower anamuitana kukadya kadzutsa ku White House. Pulezidenti wa dziko lamphamvu kuposa onse kudzichepetsa chifukwa cha tambula ya juwisi! Chinamuchititsa ndi Moscow. Ghana inali itangolandira ufulu mu Malichi, mayiko ena ambiri anali m'njira (17 mu 1960 mokha), ndipo wailesi ya Soviet Union inkaulutsa nkhani iliyonse ya tsankho la ku America kwa anthu a mu Africa ndi Asia. Kale mu 1952 boma la America linali litauza khoti lake lalikulu, pa mlandu wa sukulu zosankhana mtundu, kuti tsankho likupatsa achikomyunizimu zonena. Ngakhale chikalata chomwe dzikolo linalengezera ufulu wake mu 1776 chimayamba ndi mawu oti ulemu pa maganizo a anthu a dziko lapansi ukuwakakamiza kufotokoza chifukwa chomwe akupatukira ku Britain. Nthawi imeneyo anali ofooka, ankafuna zida ndi zombo za France, ndipo mu 1778 anazipeza.

Lero mpikisano wabwereranso. China, yomwe imati za m'nyumba mwake asalowerere aliyense, imawerengera mavoti mosamala kwambiri. Inayamba kumanga njanji ya TAZARA mu 1970 ikadali yosauka, ndipo mu 1971 mayiko 26 a mu Africa anali m'gulu la 76 omwe anavota kuti mpando wa ku United Nations uchoke kwa Taiwan upite ku Beijing (Malawi ya Kamuzu inavota zokana). Kumapeto kwa 2007 nafenso tinasiya Taiwan, ndipo kunatsatira nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe, msewu wa Karonga mpaka Chitipa ndi bwalo la masewero la Bingu. Mu Juni 2022 BBC itaulula za nzika ya China yomwe inkajambula ana a pafupi ndi Lilongwe akunena mawu odzinyoza m'chilankhulo chomwe sankachimva, ofesi ya kazembe inadzudzula msanga, ndipo Wu Peng, mkulu woona za Africa ku unduna wawo wa zakunja, anafika m'dziko muno m'masiku ochepa. Russia nayo imadzionetsa ngati yosasamala, koma itadzudzulidwa ndi mayiko 141, Malawi ili pomwepo, pa 2 Malichi 2022 chifukwa cholowa mu Ukraine, patatha chaka kampani yake ya Uralchem inatipatsa matani 20,000 a fetereza, kazembe wawo ali pa mwambowo.

Kusamala kuli mitundu iwiri: kwina n'kusintha khalidwe, kwina n'kugula oyamikira. Boma la tsankho la South Africa linkasamala kwambiri zonena za akunja, koma m'njira yachiwiriyi. Linkafunitsitsa mtsogoleri wakuda woti lizijambulitsa naye, ndipo linamupeza kwa ife: ubale wa ukazembe mu 1967, ngongole yoyambira kumanga Lilongwe, nduna yaikulu John Vorster kubwera kuno mu 1970, Kamuzu kupita kumeneko mu 1971. M'zaka zotsatira unduna wawo wofalitsa nkhani unkatenga ndalama za boma mobisa kuyambitsira nyuzipepala ya The Citizen ndi kuyesa kugula ina ku Washington. Zitaululika zinagwetsa Vorster mwiniwakeyo mu 1979, ndipo zithunzi za ana ophedwa ku Soweto mu 1976 zinali zitafafaniza kale zonse zomwe ndalamazo zinagula. Fetereza wa ku Russia ndimamuika m'gulu lomweli, ngakhale mlimi amene anathira m'munda mwake analibe chifukwa chomukanira. Thandizo la PEPFAR lolimbana ndi Edzi, lomwe Bush anayambitsa ndi madola mabiliyoni 15 mu 2003, chaka chomwecho cha Iraq, ndimaliona mosiyana. Pamodzi ndi Global Fund, linachititsa kuti anthu omwe tikanawaika m'manda kalekale akhale akupalasa kabaza ndi kuyanika usipa mpaka lero, ndipo pomwe mbiri ya Bush inali itagwa ku Europe ndi ku mayiko a Aluya, mu Africa muno inali yabwino. Mbiri yotere imamangidwa zaka makumi awiri, ndipo kalata imodzi yoimitsa ntchito m'zipatala imaigwedeza.

Chomwe chimapusitsa atsogoleri n'choti ngongole ya mbiri imabwera iwo atachoka pa mpando. Mu 1953 America ndi Britain anathandiza kugwetsa Mohammad Mossadegh, nduna yaikulu ya Iran, atalanda mafuta a dzikolo m'manja mwa kampani ya ku Britain. Zinatheka m'masiku ochepa, ndi ndalama zochepa. Patatha zaka 26, ophunzira omwe analanda ofesi ya kazembe wa America ku Tehran n'kusunga anthu 52 kwa masiku 444 ankatchula 1953. Mlandu suwola, koma wandale amene maso ake ali pa chisankho chikubwerachi sauwerengera.

Dziko lamphamvu lomwe anthu a ku Mangochi amalidziwa ndi thupi lawo ndi South Africa ya lero. N'kovuta kupeza mudzi kuyambira ku Namwera, Katuli mpaka Makanjira wopanda mnyamata ali ku Joni, ndipo nyumba zambiri za malata, magolosale ndi njinga zamoto zomwe tikuzionazi ndi thukuta la kumeneko, katundu wake wobwera pa ngolo ya basi kudzera ku Beitbridge ndi Tete. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa nkhanza zochitira alendo. Mu Epulo 2015 zitabukanso ku Durban, boma lathu linatumiza mabasi, ndipo ambiri mwa omwe anatsika anali a ku Mangochi ndi maboma oyandikana nawo, ena atanyamula jumbo imodzi pambuyo pa zaka zogwira ntchito m'mashopu ndi m'nyumba za anthu. Ku Lilongwe kunali zionetsero, ndipo kunamveka mawu oti tinyanyale masitolo a ku South Africa. Sipanapite nthawi, anyamata ambiri omwe aja anali atakweranso basi, chifukwa kumudzi kunalibe chochita.

Mu Seputembala 2019 zinachitikanso ku Johannesburg ndi Pretoria, koma ulendo uno mkwiyo unapeza khomo. Ku Lagos ndi mizinda ina ya Nigeria anthu anaukira masitolo a Shoprite ndi maofesi a MTN, mpaka South Africa inatseka kwa kanthawi maofesi ake a ukazembe m'dzikomo. Nigeria inanyanyala msonkhano wa zachuma wa ku Cape Town, Zambia inakana kusewera mpira ndi Bafana Bafana ku Lusaka, ndipo Cyril Ramaphosa ataimirira kuti alankhule pa maliro a Robert Mugabe ku Harare, bwalo linamukuwiza mpaka anapepesa pomwepo. Kuphwanya masitolo sindikukuyamikira, poti ogwira ntchito mmenemo anali anthu a ku Nigeria omwewo. Koma m'masiku omwewo Ramaphosa anatuma nthumwi zapadera, ndipo mmodzi wa nthumwizo, Jeff Radebe, anakapepesa pamaso pa Pulezidenti Muhammadu Buhari wa Nigeria ku Abuja.

Mayiko omwe ofesi ya Ramaphosa inalengeza kuti nthumwizo zipitako anali Nigeria, Niger, Ghana, Senegal, Tanzania, DR Congo ndi Zambia. Ku Nigeria ndi komwe MTN ili ndi makasitomala ambiri kuposa dziko lina lililonse. Malawi, yomwe ana ake amadzaza mabasi a ku Joni sabata iliyonse, pa mndandandawo panalibe.